Mayi wa Nkhope Zinayi

Chilape. Inu muyankhe kuti nachize, musangoti duu ngati muli pamaliro a munthu amene simukumudziwa. Ali ndi nkhope zinayi ndi maso eyiti, koma amene anamuba sanamuone. Ndani ameneyo? Mwagonja? Ndibaireni ng'ombe yonenepa, ndikuuzeni.

Ine ndine Rozi wa kwa Mavwere. Sukulu ndinalekezera m'kalasi yachiwiri, chifukwa mphunzitsi ankadana nane, inenso ndinkadana naye, ndiye tinasiyana mwamtendere. Mukaona mawu ena apendama, pendeketsani mutu muziwerenga.

Chinali chaka cha 1978, mwezi wa Ogasiti, mphepo yafumbi ija itayamba. Loweruka m'mawa ndinafika pa Boma kudzaona Esitele, mwana wa mchimwene wanga, amene ankasesa holo ya mpingo ndi kusunga kiyi wake. Mtsikana wofatsa mpaka kukwiyitsa. Chinkhoswe chake chinali chitatsala masabata awiri, ndipo ine ndinabwera kuti tikambirane za nkhuku ndi mbale. Ndinapeza anthu ataunjikana pakhomo pa holo, anyamata a yufi akufunsa makhadi a chipani. Langa ndimamanga pamfundo ya chitenje limodzi ndi fodya wanga wapamphuno. Mnyamatayo anayetsemula kanayi, n'kundiuza kuti ndilowe msanga.

M'katimo ndinaima kakasi. Makoma onse zithunzi, ndipo zithunzi za chiyani? Botolo la chakumwa lalitali kuposa munthu. Sopo wochapira. Chitini cha nsomba. Bokosi la machesi lalikulu ngati chitseko. Utoto wake wokuwa, wofiira ngati chilonda, wachikasu ngati malungo. Anthu ophunzira, aphunzitsi ndi anamwino, atayika manja kumbuyo akugwedezera mitu sopo wosachapa ndi botolo losamweka. Zonsezi zili m'golosale pafupi pomwepo, ndipo kumeneko amakulola kununkhiza.

Mwini chionetserocho anali a Benedicto Kachigamba, amene anabwera kuchokera ku Kitwe ndi magalasi akuda ndi tayi yofika pamchombo. Ankati luso limeneli ndi la ku Amereka, dzina lake popu ati, ndipo m'Malawi monse wolidziwa ndi iwo okha. Miyezi inayi m'mbuyomo anali atakwatira Lucia, mwana wa mnzanga Theresa wogulitsa zitumbuwa pamsika. Chabwino chimodzi chimene ndinkawadziwira ndi ulemu wa chikamwini. Akangomva kuti apongozi akubwera, ankalumphira kuseri kwa chilichonse, kaya mtengo, kaya ngolo, maso pansi, monga mwambo umanenera. Zina zonse zinali pakamwa.

Tsikulo pakamwapo panali potsegula ndithu. Pabenchi panakhala Esitele, maso ali psuu, ndipo pambali pake wapolisi wowonda atagwira kapensulo kotha.

"Chasowa n'chiyani?" ndinafunsa.

"Inu ndinu ndani, mayi?" anatero wapolisiyo, a Sajeni Vitus.

"Ndine azakhali ake a wakubayo. Si mwamumanga kale m'mutu mwanumo?"

A Benedicto analoza pakhoma pomwe panali misomali iwiri yopanda kanthu. "Chithunzi changa chachikulu, mayi. Woyimba wa ku Kinshasa, nkhope zinayi pabolodi limodzi: yofiira, yachikasu, yobiriwira, yabuluu. Anakhala patsogolo panga masiku atatu, ine ndikumuyang'ana m'maso, iye akundiyang'ana m'maso. Azungu a ku migodi anandigwadira kuti ndiwagulitse, ndinakana. Ndinati akaone kaye anthu akwathu. Onani tsono anthu akwathuwo."

A Sajeni anawerenga m'kabuku kawo ngati akuwerenga kalata ya maliro. "Malinga ndi malamulo, makiyi alipo awiri. Wina ali ndi a katekisiti a Timoteyo, amene dzulo fili koloko anapita kwa Zulu kukatsogolera maliro, ndipo mudzi wonse unawaona. Bambo Kachigamba anatuluka folo koloko n'kukasewera bawo pamsika mpaka dzuwa kulowa. Mtsikanayu anatseka faifi koloko. Loko sanathyoledwe. M'mawa uno akoka nsalu yotchinga, chithunzi palibe."

"Ndiye?"

"Ndiye galimoto yathu ya polisi ikabwera kuchokera kumalire thwelofu koloko, mtsikanayu akwera."

Mtsikana wolowa m'chitolokosi masabata awiri chinkhoswe chisanachitike, kuchimuna sabwera ngakhale kudzatsanzika. Ndinayang'ana dzuwa pazenera. Linali litakwera kale kuposa mtengo wa mango.

*

Ndinamukokera Esitele kumapeto kwa benchi.

"Pukuta mamina. Unaba?"

"Azakhali, ndikachiyika pati? M'nyumba mwanga ngakhale mphasa imalowa chopinda."

"Potseka dzulo, chithunzicho unachiona?"

"Nsalu inali pomwepo."

"Sindikufunsa nsalu. Ine ndili ndi nsalu pathupi pano, koma sukudziwa ngati m'katimu muli munthu kapena mfiti. Unaivundukula?"

"Anandiletsa. Anati fumbi la tsache limapha utoto. Anamanga chingwe pamwamba n'kupachika nsalu ngati katani."

"Unatulukako iwo ali m'kati?"

Anaganiza nthawi yokwana kuphika maungu. Ana a mchimwene wanga onse ndi otero. "Cha m'ma hafu fili. Anandituma kumjigo kuti ndikatunge madzi owaza pansi. Ndinapeza mzere wautali."

"A Sajeni unawauza zimenezi?"

"Sanandifunse."

Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi chikwama. "Woyimbayo unamuonapo nkhope?"

"Lachinayi, popachika. Wavala duku. Ali ndi mpata pakati pa mano, ndi mphini zitatu patsaya ili, zitatu patsaya ili."

"Mphini? Ku Kinshasa?"

"Kaya. Ndipo khutu lamanzere ndi long'ambika m'munsi muno, pankhope zonse zinayi."

Ndinakhala pansi bwinobwino. Khutu long'ambika lamanzere ndimalidziwa limodzi lokha m'boma lonse la Mchinji, ndipo analing'amba ndine.

*

A Timoteyo ndinawapeza kuseri kwa holo akupopa njinga. Munthu wamantha ameneyu amayankhula monong'ona ngakhale poitana nkhuku.

"Mayi Rozi, ine sindikudziwa kanthu. Ndinauza abambo mfumu kuti zinthu za ku Amereka zitibweretsera mavuto. Ine mbali yanga ndinachita. Ndinalemba mzere."

"Mzere wanji?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Mukudziwa kuti palibe chithunzi chololedwa kukwera kuposa chithunzi cha boma, cha a Pulezidenti chija. Ndiye ndinatenga choko ndi chingwe, n'kulemba mzere kuzungulira holo yonse, m'munsi mwa chithunzi cha bomacho. Dzulo m'mawa ndinayeza chimodzichimodzi. Zonse zinali pansi pa mzere, ngakhale machesi."

"Dzulo kunabwera ndani?"

"Palibe. Lucia yekha, wani koloko, ndi chakudya cha amuna ake. Anasuzumira kuseri kwa nsalu ija, n'kugwira pakamwa. Kenako anawakokera amuna ake panja."

"Anati chiyani?"

"Ine sindimvetsera za m'banja." Anapopa kawiri. "Ndinangomva kuti, mukufuna kundithetsera ukwati. Ndipo chakudyacho anabwerera nacho."

"Tiyeni mundionetse mzere wanuwo."

Tinaima pakhomo, ine ndikutsata choko ndi maso. Sopo anali pansi pa mzere. Chitini pansi. Machesi pansi. Nditafika pa botolo lalikulu lija, mzere unalowa kuseri kwa bolodi n'kukatulukira mbali ina. Bolodilo linali litaudutsa ndi zala zitatu, komanso silinagone kukhoma ngati anzake. Linali litatukuka ngati munthu wobisa chinangwa m'malaya.

A Timoteyo anandigwira mkono. "Botolo lakwera," ananong'ona. "Mayi Rozi, tamangidwa tonse."

"Tsekani pakamwa, ndipo musalikhudze mpaka ndibwere."

*

Mwina mukuti, bwanji sunangopita n'kukoka botololo? Ndiye kusaganiza kumeneko. Chithunzi chikanapezeka, a Benedicto akanati wabisa ndi mtsikanayo kuti adzachitenge mawa. Ndani akanakhulupirira kuti munthu angadzibere yekha? Ndinkafunika chifukwa, ndipo chifukwacho chinali kumsika.

Kuwerenga sindidziwa kwenikweni, koma zilembo ndimazidziwa nkhope. Chilembo choyamba pa sopo uja chinali chopindika ngati njoka yodwala msana. Njoka yomweyo ili pachikwangwani cha telala, pa chigayo, ndi pakhomo pa ometa tsitsi. Wolemba zikwangwani pa Boma ndi mmodzi, Maliko, bambo wa ana asanu amene amawerengera mawu ake ngati mchere wa m'chilala. Ndinamupeza pansi pa mtengo wake, burashi ili kukamwa. Pamtengopo panatsamira njinga yatsopano, mapulasitiki asanachotsedwe.

"Njinga yabwino, Maliko."

"Ee."

"Zikwangwani zayamba kubala."

"Ee."

Buluku lake linali ndi madontho a penti: ofiira, achikasu, obiriwira, abuluu.

"Wapitako kuchionetsero?"

"Ayi."

"Munthu wa penti osapita kukaona penti?"

Anachotsa burashi kukamwa. "Ndinalumbira, mayi."

"Sindikuti unene kanthu. Lumbiro lako likhale pomwepo, lisazizidwe. Ndikungofunsa kuti ukakhala pano tsiku lonse, kutsogolo kwakoku umaona chiyani?"

Anakweza maso. Nanenso ndinayang'ana komweko. Patsidya pa njira, kuseri kwa utsi wa chiwaya, panakhala Theresa akutembenuza zitumbuwa, duku kumutu, mphini m'masaya, khutu lamanzere lili pamtunda.

"Sasuntha," anatero Maliko. "Ena amayendayenda."

"Unadziwa kuti ndi apongozi a amene anakupatsa njingayo?"

"Ee."

"Osawauza?"

"Sanafunse."

Anthu a pa Boma ndi kusafunsidwa kwawo adzandipha.

"Mwana wa mchimwene wanga akukwera galimoto ya polisi thwelofu koloko chifukwa cha bolodi lako."

Maliko anayang'ana njinga, anayang'ana ine, kenako anayika burashi m'chitini. "Ndibwera. Koma sindiyankhula."

"Ndani anakumvapo ukuyankhula?"

*

"Iwe mfiti, sunafe?" anatero Theresa atandiona.

"Ndikudikira iwe utsogole, ukandisesere malo."

Ine ndi Theresa tinavinidwa limodzi. Khutulo ndinaling'amba tili atsikana, tikulimbirana mnyamata wina woimba ng'oma. Chala changa chinakola ndolo yake. Mnyamatayo anakwatira wina wa ku Chipata, ife tinatsala ndi ubwenzi wathu ndi khutu limodzi ndi theka.

"Phula chiwayacho. Tiye ukaone luso la mkamwini wako."

"Wapenga? Ndikalowe m'nyumba momwe muli mkamwini? Lucia wandiuza m'mawa uno kuti ndisayandikireko n'komwe."

"Lucia wakuuza? Sunadabwe kuti bwanji?"

Anasiya kutembenuza. "Anati kuli fumbi."

"Iwe wakhala pa utsi zaka makumi awiri, lero mwana akuopera fumbi. Tiye. Mkamwini ayang'ana kukhoma, ndiyo ntchito yake."

"Zitumbuwa zanga zipserera."

"Zimapserera masiku onse, anthu amangokuopa."

Anandiponyera chikuni, koma anadzuka. Tili m'njira tinamva kulira kwa galimoto kuchokera kumsewu wa kumalire. Ine ndi miyendo yangayi, Theresa ndi thupi lakelo, tinathamanga monga sitinathamangirepo chichokere tsiku la khutu lija.

*

Tinapeza galimoto itaima pakhomo, Esitele ataimirira, a Sajeni akutseka kabuku. A Benedicto anali pakati pa aphunzitsi, dzanja m'mwamba.

"Tsiku lachitatu woyimbayo analira, akuti palibe mwamuna anamuyang'anapo chotero. Ndinati, mayi, ine sindiyang'ana ngati mwamuna, ndimayang'ana ngati..."

Anaona chitenje cha Theresa pakhomo. Mawu anathera pomwepo. Anatembenuka ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo, anavula magalasi, ananjuta moyang'ana khoma n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono. Theresa naye anayang'ana kumbali, n'kuyankha ndi m'manja. Ulemu wokhawokha.

"A Sajeni," ndinatero, "musanapite. Malinga ndi malamulo, chithunzi chingadutse mzere uwo?"

Anatsata chala changa. Anayang'ana botolo, anayang'ana chithunzi cha boma, ndipo tulo tonse tinawathera m'maso. "Tsitsani icho. Msanga."

Anyamata a yufi awiri anakwera pabenchi. Atangolinyamula botololo, mmodzi anati, "Bwana, ndi awiri." Kuseri kwake kunali bolodi lina, loyang'ana kukhoma, ndipo onse awiri anapachikidwa pamsomali watsopano wautali, wokhomedwa pamwamba pa bowo lakale.

"Wabisa ndi mtsikanayo," anatero a Benedicto, akuuza khoma. "Amafuna adzachitenge anthu akabalalika."

"Mwina," ndinatero. "Tatembenuzani tione woyimbayo."

Analitembenuza. Nkhope zinayi, mipata inayi ya mano, makutu anayi ong'ambika. Mitu ya anthu inachoka pabolodi kupita pakhomo, kuchoka pakhomo kubwerera pabolodi. Namwino wina analuma mpango wake.

Theresa anayandikira, manja m'chiuno. Anayang'ana nthawi yaitali. "Rozi," anatero, "uyu wobiriwirayu ndi ine nditafa?"

"Ndi woyimba wa ku Kinshasa. Bambo Kachigamba, tabwerezani, ena sanamve. Mayi ameneyu anakhala patsogolo panu masiku angati?"

A Benedicto anakanikiza mphuno kukhoma. Ndinatembenukira kwa wapolisi.

"A Sajeni, munalemba. Tawerengani."

A Sajeni anatsegula kabuku. "Masiku atatu. Ine ndikumuyang'ana m'maso, iye akundiyang'ana m'maso."

Theresa anayankhula moyang'ana kudenga, poti mkamwini sayankhulidwa maso ndi maso. "Wina andifunsireko kwa bambo a kunyumba kwa Lucia. Masiku atatu amenewo ankandiyang'ana ali pati? M'tchire? Ndikusamba kapena ndikuphika? Ngati zili zoona, lero lomwe akatenge tayi yawo ndi bulangete, ankhoswe akumane."

Apa ndiye panali pothina. Akati ndinajambula ndine, ndiye kuti anayang'ana apongozi m'maso masiku atatu, ukwati watha. Akati sindinajambule, Kitwe yense wagwa, ndi azungu ake ogwada aja. Ndinaona khosi lawo likutuluka thukuta mpaka kolala inada.

"Sindinajambule ine," ananong'ona.

"Kwezani mawu," anatero a Sajeni. "Pensulo yanga ndi yogontha."

"Sindinajambule ine. Nkhope yawo sindinaionepo chikwatirire. Ndikanadziwa bwanji? Anandiuza ndi Lucia dzulo. Ndinatuma mtsikanayu kumjigo, n'kuchibisa, nsalu n'kuisiya pachingwe. Ndimati anthu akaona kuti chasowa angodandaula basi. Koma a kalaliki a kwa DC atafunsa kuti kiyi amasunga ndani, pakamwa panangopita pokha."

"Pamapita pokha nthawi zonse," ndinatero. "Nanga zinazi? Sopoyu?"

"Ayi."

"Chitini?"

"Ayi."

"Ngakhale machesi, bambo?"

"Ngakhale machesi."

A Sajeni anazunguza maso m'holo. "Tsono anajambula ndani?"

Anthu anangopatuka, ndipo kumbuyo kunaoneka Maliko ataima ndi buluku lake la mitundu inayi. Anakweza dzanja pang'ono, ngati munthu woimitsa basi imene sakufuna kukwera.

A Sajeni anang'amba tsamba m'kabuku n'kulipinda. "Mtsikana, pita kwanu. Bambo Kachigamba, malinga ndi malamulo, kunamizira munthu kupolisi ndi mlandu, ndipo kukweza botolo kuposa mzere tikakambirana kuofesi. Dzukani."

"Sindingathe, bwana."

"Chifukwa?"

"Apongozi ali pakhomo."

Theresa anali atakokera benchi pakhomo penipeni, n'kukhala, bolodi lake ataliimika pamaondo. Holoyo ili ndi khomo limodzi. Esitele anapita kukagwada pambali pake, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo Theresa anamupukuta nkhope ndi chitenje chonunkha mafuta.

"Kuchinkhoswe kwako zitumbuwa ndibweretsa ine," anatero. Kenako analoza bolodi. "Wachikasuyu ndiye ine ndili mtsikana. Maliko, khutuli ukanalisoka, penti unali nayo. Atatu onyansawa ndi Rozi."

Woyamba kuphulika anali a Timoteyo, munthu amene sindinamumvepo akuseka chibadwire. Kenako anamwino, aphunzitsi, anyamata a yufi, mpaka a Sajeni anabisa nkhope m'chipewa. Theresa sanasunthe mpaka thu koloko. Anthu a kumsika atamva anabwera ndi makhadi awo m'manja, mzere kufika kumjigo. Sopo sanamuyang'ane, botolo sanaliyang'ane. Onse ankapita pakona kukaona bambo wa tayi atanjuta, mphuno ili pakhoma, bwinobwino pansi pa mzere wa choko.

Mwa zonse zimene zinaonetsedwa m'holomo, chimenecho chokha ndicho a Benedicto anapanga ndi manja awo.